KODI NDI MALOTO KAPENA NDI ZOONA? MAFILIMU AMENE AMAZUNGUZA MUTU

Munthu wina wabwerera kwao atakhala nthawi yaitali m'maiko a eni, ndipo ana ake awiri ali kusewera panja. Asanapite kukawakumbatira atulutsa kanguli kacitsulo m'thumba nakazunguza pa tebulo. Iye adziwa kuti akakhala m'maloto kanguliko kamazungulira kosaleka, koma akakhala maso kamatopa ndi kugwa monga icitira nguli iri yonse. Ana aja aceuka, atate aona nkhope zao, ndipo athamangira panja osayembekeza kuona cimene kanguli kadzacita. Kanguli kazungulirabe, kapendama pang'ono, ndipo pomwepo cinsalu ca kanema cida bii. Filimu yatha.

Umu ndi m'mene itsirizikira filimu yochedwa Inception, imene inapangidwa ndi Christopher Nolan wa ku Britain m'caka ca 2010. Kucokera caka cimeneco anthu akhala akutsutsana ngati bamboyo anafikadi kwao kapena anali kulotabe. Filimuyi iri m'gulu la mafilimu amene colinga cao ndi kumsiya woonera ali ndi funso lakuti: kodi munthu adziwa bwanji kuti cimene aona ndi coona? Funso limeneli silithera m'nyumba ya kanema. Limatulukira pa bwalo la milandu pamene mboni ilumbira kuti inaona ndi maso ake, ndiponso m'mudzi pamene munthu auka m'mawa nayamba kudana ndi mnansi wake cifukwa ca zimene analota usiku.

CINYENGO CA PA CINSALU

Coyamba coyenera kudziwa ndi cakuti pa cinsalu ca kanema palibe ciri conse cimene cimayenda. Pamakhala zithunzi zoima, zonga zija zojambulitsa pa ukwati, zimene zimaonetsedwa motsatizana mofulumira kwambiri, zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Filimu ya maora awiri imakhala ndi zithunzi zoima 172,800. Diso limalandira zithunzizo cimodzi-cimodzi, koma bongo ndiwo umazilumikiza ndi kumuuza munthu kuti kavalo ali kuthamanga. Mwana amene azunguza cikuni ca moto usiku amaona mkombero wofiira, cikhalireco moto uli pa nsonga ya cikuni pokha. Kanema amadalira kufooka kotereku kwa maso a munthu.

Abale awiri a ku France, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa kanema kwa anthu olipira ndalama mu mzinda wa Paris pa 28 December 1895. Iwo anali kujambula zinthu za masiku onse, monga anchito ali kutuluka pa fakitale. Koma pakati pa anthu oyamba kuona nchito yaoyo panali Georges Méliès, katswiri wa masewera onyenga maso. Iye anasimba kuti tsiku lina ali kujambula mseu wa mu Paris kamera yake inaima kwa kanthawi, kenaka nkuyambanso. Poonera zimene anajambula anadabwa kuona ngolo yonyamula anthu itasanduka mwadzidzidzi ngolo yonyamula maliro. Pamenepo anazindikira kuti kamera ikhoza kunama mwaluso koposa munthu, ndipo pofika m'caka ca 1902 anali ataonetsa anthu ali pa ulendo wopita ku mwezi.

Ku Russia, mphunzitsi wa za mafilimu dzina lake Lev Kuleshov anaonetsa cinyengo cina cozama koposa. Monga anafotokozera wophunzira wake Vsevolod Pudovkin, iwo anatenga cithunzi cimodzi ca nkhope ya munthu wosaseka ndi wosalira, nacilumikiza poyamba ndi mbale ya cakudya, kenaka ndi bokosi la maliro, kenakanso ndi mwana ali kusewera. Oonera anatamanda munthuyo kuti adziwa kuonetsa maganizo, cisoni ndi cimwemwe pa nkhope yake. Komatu nkhope inali imodzi yomweyo. Cisoni ndi cimwemweco anacibweretsa ndi oonera eni ake.

M'masiku a utsamunda akuluakulu a boma la Northern Rhodesia anali kudula mbali zina za mafilimu asanawaonetse kwa anthu akuda, poganiza kuti munthu wakuda sangathe kusiyanitsa sewero ndi zoona. Komabe mai wina wofufuza za makhalidwe a anthu wocokera ku America, Hortense Powdermaker, atakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954, anapeza anthu a ku migodi ali kukonda mafilimu a anyamata okwera pa akavalo, ali kucemerera ndi kukambirana mokweza zimene aona. Zimene anapeza Kuleshov zinali zitaonetsa kale kuti kunyengedwa ndi cithunzi sikusankha khungu. Ndi cibadwa ca munthu ali yense.

KANEMA WA USIKU ULI WONSE

Munthu ali yense ali ndi kanema wake amene amaonera kwaulere akagona. M'caka ca 1953 akatswiri awiri a pa University of Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman, anapeza kuti pa nthawi zina za usiku maso a munthu wogona amayenda-yenda mofulumira pansi pa zikope, ndipo akadzutsidwa pa nthawi imeneyo kawiri-kawiri amanena kuti anali kulota. Tulo totereti timabwera pafupi-fupi mphindi 90 ziri zonse, ndipo timatalika kukamayandikira kuca. Ici ndi cifukwa cake maloto a m'bandakuca amakumbukika koposa ena.

Pa nthawi imeneyo bongo umagwira nchito ngati wa munthu amene ali maso, koma umamanga minofu ya manja ndi miyendo kuti wolotayo asadzuke ndi kuyamba kuthamangadi. Nthawi zina munthu amadzidzimuka thupi lisanamasulidwe. Amaona denga la nyumba yake, amamva agalu kuuwa panja, koma sangathe kutukula dzanja kapena kufuula, ndipo maloto osatha aja amamuonetsa cinthu citaima pa khomo kapena citamkhalira pa cifuwa. Zimenezi zimacitikira anthu a m'maiko onse, ndipo zimatha zokha patapita kanthawi kocepa.

Opanga mafilimu anaona msanga kuti filimu ndi maloto ndi pacibale. M'maloto munthu amacoka kumunda nkupezeka ali m'tauni popanda ulendo, ndipo safunsa kuti wafika bwanji. M'filimu zimatero-nso. M'caka ca 1929 anthu awiri a ku Spain, Luis Buñuel ndi Salvador Dalí, anapanga kafilimu kakafupi kochedwa Un Chien Andalou pongolumikiza maloto ao. Wina analota mtambo uli kudula mwezi monga lumo lidula diso, winayo analota dzanja lodzala ndi nyerere. Anagwirizana kuti asaikemo ciri conse cimene nzeru ikhoza kucifotokoza, ndipo kufikira lero kafilimuko kamacititsa nthumanzi.

MBONI ZINAI, NKHANI ZINAI

Filimu imene inafika pa mtima peni-peni pa nkhaniyi iribe maloto kapena makina odabwitsa. Ndi Rashomon, ya m'caka ca 1950, yopangidwa ndi Akira Kurosawa wa ku Japan. Nkhani yake ndi ya masiku akale. Amuna atatu abisala mvula yamphamvu pansi pa cipata cakugwa ca mzinda, ndipo awiri a iwo, wansembe ndi wotema nkhuni, acokera ku mlandu umene wawasokoneza mutu. Msilikali wina wolemekezeka anapezeka atafa m'nkhalango, mkazi wake atagwiriridwa ndi wacifwamba wochedwa Tajomaru.

Wacifwambayo pa bwalo abvomera kuti ndiye anapha, koma anena kuti anayamba wammasula msilikaliyo ndipo anamenyana ndi malupanga monga amuna olimba mtima. Mkazi wa malemu afotokoza zina. Iye anena kuti wacifwamba atathawa, mwamuna wake anamuyang'ana ndi maso a cipongwe, ndipo iye anakomoka mpeni uli m'manja, podzatsitsimuka nkupeza mpeniwo uli pa cifuwa ca mwamunayo. Ndipo bwalo liitana mai wobwebweta mizimu kuti wakufayo alankhule yekha. Mzimu unena kuti mkazi anauza wacifwamba kuti aphe mwamuna wake, ndipo cifukwa ca manyazi ndi cisoni mwamunayo anadzibaya yekha.

Cozizwitsa ndi cakuti palibe amene akana mlandu. Ali yense adziika yekha pa malo a wakupha, cifukwa ali yense afuna nkhani imene imsiyira ulemu: wacifwamba afuna kuoneka ngwazi, mkazi afuna kuoneka wolakwiridwa, ndipo ngakhale wakufa afuna kuti imfa yake ikhale yolemekezeka. Potsiriza wotema nkhuni aulula kuti iye anaona zonse atabisala. Anena kuti amuna awiriwo anali amantha, anamenyana ali kunjenjemera ndi kugwa-gwa pansi. Woonera ayamba kupuma poganiza kuti coonadi capezeka. Koma posacedwa zidziwika kuti mpeni wamtengo wapatali uja unasowa pa malo a imfa, ndipo wotema nkhuniyo ndiye ayenera kuti anautenga. Nayenso anali ndi cobisa.

Kurosawa anajambula nkhani zinai zonsezo mofanana, iri yonse yooneka ngati yoona, ndipo sananene kuti yeni-yeni ndi iti. Filimuyi inalandira mphoto yaikulu pa cionetsero ca mafilimu ca ku Venice m'caka ca 1951, ndipo lero akatswiri a malamulo amachula dzina la Rashomon pofuna kunena za mboni zimene zinaona cinthu cimodzi koma zifotokoza mosiyana.

Sikuti mboni yotere nthawi zonse imanama dala. M'caka ca 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer a ku America anaonetsa anthu filimu ya ngozi ya magalimoto. Ena anafunsidwa za liwiro la magalimotowo pamene anagundana, ena anafunsidwa funso lomwelo koma ndi mau akuti pamene anaphwanyana. Patapita sabata imodzi onse anafunsidwa ngati anaona magalasi osweka. Mwa anthu 50 amene anamva mau a kuphwanyana, 16 anati anawaona, pamene mwa 50 enawo anatero ndi 7 okha. M'filimumo munalibe galasi losweka ngakhale limodzi. Liu limodzi la wofunsa linakwanira kuika m'mutu mwa mboni cinthu cimene sicinacitike.

M'caka ca 1999 Daniel Simons ndi Christopher Chabris anauza anthu kuti awerenge kuti osewera obvala zoyera aponyerana mpira kangati m'kafilimu kena. Pakati pa masewerawo panadutsa munthu wobvala ngati cinyani cacikulu, naima, nadziguguda pa cifuwa, nacoka. Pafupi-fupi theka la oonera sanamuone konse. Maso anali otseguka, koma mtima unali pa mpira.

MBALA ZA M'MALOTO

Zimene anapeza Loftus ndizo zimene filimu ya Inception inazikuza kukhala nthano. Mwini nkhani, Cobb, amene mbali yake anasewera Leonardo DiCaprio, ndi mbala yolowa m'maloto a anthu kukaba zinsinsi. Munthu wina wolemera amlemba nchito yobvuta koposa kuba: kukabzala ganizo m'mutu mwa mwana wa mdani wake pa malonda, kuti mwanayo agawe-gawe cuma ca atate wake ali kuganiza kuti nzeruyo ndi yake. Kuti ganizolo limere, Cobb ndi anzake amlowetsa mnyamatayo m'maloto, m'malotomo amgonekanso kuti alote ena, ndipo m'menemo amgonekanso kacitatu. Akamatsika, nthawi imatalika. Galimoto imene iri kugwa pa mlatho m'maloto oyamba imatenga masekondi owerengeka kuti ifike m'madzi, koma m'maloto a pansi anthu amakhala ndi nthawi yomenya nkhondo yathunthu.

Koma mtima wa filimuyi uli pa mkazi wa Cobb, dzina lake Mal. Awiriwo anakhalitsa m'maloto kufikira mkaziyo anaiwala kuti ali kulota. Pofuna kumdzutsa, Cobb anabzala mwa iye ganizo lakuti dziko limene alimo si leni-leni. Anadzukadi, koma ganizolo silinacoke. Mal anayamba kukhulupirira kuti nyumba yake ndi ana ake omwe ndi maloto, ndipo pofuna kudzuka anadziponya pansi kucokera pa nyumba yosanja, nafa. Ganizo limene mwamuna anabzala ndi cikondi linakula ngati kaufiti m'munda wa cimanga.

Filimu ina ya gulu lomweli ndi The Matrix ya m'caka ca 1999, yopangidwa ndi apacibale awiri a banja la Wachowski. M'menemo mnyamata wochedwa Neo auzidwa kuti mzinda umene akhala, nchito yake ndi cakudya cake ndi maloto opangidwa ndi makompyuta, pamene matupi a anthu onse ali gone m'mitsuko ya makina. Apatsidwa mibulu iwiri ya mankhwala: wobiriwira ngati thambo kuti aiwale ndi kupitiriza kulota, kapena wofiira kuti adzuke. Iye asankha wofiira, nadzukira m'dziko lozizira, la njala ndi nkhondo. Mnzake wina, Cypher, atatopa ndi coonadi cowawaco, apereka anzake kwa adani kuti abwezeredwe m'maloto kumene akadyenso nyama yonona, angakhale adziwa kuti nyamayo kulibe. Cikome-kome ca nkuyu m'kati muli nyerere, koma alipo anthu amene amasankha kudya nkuyu osaing'amba.

Funso la mafilimu amenewa ndi lakale koposa kanema. Zaka zoposa 2,000 zapitazo munthu wanzeru wa ku China, Zhuangzi, anasimba za kulota ali gulugufe, ndipo atadzuka sanathe kunena ngati ndi munthu amene analota gulugufe kapena ndi gulugufe amene tsopano ali kulota munthu.

MAFILIMU A RUNGANO NYONI

Dziko la Zambia liri ndi mwana wake m'gulu limeneli. Rungano Nyoni anabadwira ku Lusaka nakulira ku Wales. Filimu yake yoyamba yaitali, I Am Not a Witch, inatuluka m'caka ca 2017, ndipo m'caka ca 2018 inalandira mphoto ya BAFTA ku Britain. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kopanda makolo, Shula, kamene kanenezedwa ufiti. Pakati pa okaneneza pali mwamuna amene afotokoza kuti kamtsikanako kanamdula mkono ndi nkhwangwa, cikhalireco mikono yake yonse iwiri iri pomwepo, pakuti zimene asimbazo anaziona m'maloto. Woonera amaseka, koma cisekoco sicikhalitsa. Shula atengedwa kupita ku msasa wa amai okalamba onenezedwa ufiti, kumene ali yense amangidwa kumsana ndi kansalu koyera kakatali ngati cingwe, ndipo auzidwa kuti akadula kansaluko adzasanduka mbuzi. Tinsaluto ndi nzeru ya wopanga filimu, koma misasa yotere iripo kumpoto kwa Ghana, ndipo Nyoni anakakhala ku umodzi wa iyo asanalembe nkhaniyi. Kansalu kangathe kuduka ndi lumo wamba. Cimene cimanga kamtsikanako ndi ganizo lobzalidwa m'mutu mwake.

Filimu yake yaciwiri, On Becoming a Guinea Fowl, inampezetsa mphoto ya wokonza filimu waluso m'cigawo cina ca cionetsero ca ku Cannes m'caka ca 2024. Mai wacitsikana ali kuyendetsa galimoto usiku apeza mtembo wa amalume ake uli pa mseu. Pamene maliro ali m'kati zidziwika kuti malemuyo anali kugwirira atsikana a pa banja lomwelo, ndipo akuluakulu anali kudziwa koma anasankha kukhala cete, mlandu wonse nkuukankhira mkazi wamasiye. Nyoni asakaniza zoona ndi maloto, madzi aoneka atadzala m'zipinda popanda wodabwa nao, kufikira woonera azindikira kuti bodza leni-leni ndi ulemu umene anthu ali kupereka pa malirowo. Dzina la filimuyi licokera ku nkhanga, mbalame imene imalira mokweza kucenjeza zinzake ikaona mdani.

PAMENE DZINA LA MUNTHU LIRI PA NGOZI

Masiku ano cinyengo ca Méliès cafika m'thumba la munthu ali yense amene ali ndi foni. Makompyuta atha kutenga nkhope ndi mau a munthu ndi kumlankhulitsa zimene sananene. M'mwezi wa March 2022 panafalitsidwa kafilimu koonetsa mtsogoleri wa dziko la Ukraine, Volodymyr Zelensky, ali kuuza asilikali ake kuti atule zida. Kanali kabodza, ndipo mwini wake anatulukira poyera kukakana. Kafilimu kotere kakafika pa foni, mau akuti ndinaona ndi maso anga sakhalanso umboni wokwanira. Munthu wanzeru amayamba wafunsa kuti kacokera kwa yani, ndipo ndani winanso wodalirika amene anena zomwezo.

Cimodzi-modzinso ndi maloto. Maloto amaonetsa nkhawa, cisoni ndi zilako-lako za wolotayo, ndipo nkhope zimene amagwiritsa nchito amazitenga pakati pa anthu amene wolota amawaona masana. Mnansi amene waoneka m'maloto anali gone m'nyumba mwake. Malamulo a dziko la Zambia amaletsa kumchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wocita zimenezi akhoza kuimbidwa mlandu.

Atafunsidwa za kanguli kaja, Christopher Nolan anafotokoza kuti cacikulu pa mathero a filimu yake ndi cakuti Cobb sakayang'ananso konse, pakuti mtima wake uli pa ana ake. Cobb akhoza kutero cifukwa cimene ciri pa ngozi ndi mtendere wake yekha. Koma mboni ya pa bwalo, nkhoswe yoweruza banja, kapena munthu amene wauka ndi maloto oipa onena za nkhalamba ya pa mudzi alibe ufulu umenewo, cifukwa dzina, nyumba ndi moyo wa munthu wina zimadalira pa mau ake. Iye ayenera kukhala pa tebulo kufikira nguli itagwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.